Ng'ombe Imene Ndinasankha ku Nathenje

Abambo anga ukawafunsa zaka za mwana wawo ankayamba akanda m'mutu, koma ukaloza ng'ombe iliyonse m'khola ankakuuza make, make wa makeyo, ndi dambo limene inabadwira. Amayi ankawanena kuti anakwatira khola, ife tinangobwera ngati alendo. Sizinali zoona. Ankatikonda kwambiri, kungoti chikondi chawocho chinkadzera kukhola: mkaka wa m'phala lathu, ndowe za kudimba, ngolo yotengera wodwala kuchipatala ku Mitundu.

Kwathuko iwo anali mkamwini. Kwawo kunali ku Nathenje, ndipo atangokwatira, amalume awo anawaikiza ng'ombe imodzi yaikazi kuti aziweta. Ng'ombeyo sinali yawo, inali ya mbumba, kutanthauza alongo awo ndi ana a alongowo. Mwana wa ng'ombe amatsata make, monga momwe ifenso tinkawerengedwera kwa amayi, choncho zonse zobadwa kwa iyo zinali za ku Nathenje. Pambuyo pake abambo anagula zawozawo atagulitsa fodya, n'kunena kuti zimenezo ndi za ife ana. Zonse zinkagona khola limodzi, koma m'mutu mwawo munali makola awiri.

Matipate atangoyamba, dibi yakwathu, kumene tinkasambitsa ng'ombe, inasiya kugwira ntchito. Anthu anali kalikiliki kukangana za zipani, nkhupakupa nazo zili kalikiliki pa ng'ombe. Dzinja limodzi lokha khola linapepuka. Zinatsala zisanu ndi ziwiri, ndipo mwatsoka zonsezo zinali za mbumba. Zathu zinatha psiti.

Ine ndinabwerera kumudzi nthawi imeneyo, banja langa litatha ku Diamphwe kumene ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinafika ndi mwana kumsana, mtima uli zii. Abambo ndinawapeza ataonda, akutsokomola kosalekeza, ndipo anali atatsimikiza zobweza ng'ombe kwawo akadali moyo. Ankati anaona maliro ambiri kumene abale a mwamuna amatsekula khola anthu asanachoke n'komwe kumanda, mkazi wamasiye n'kutukwanidwa pakhomo pake pomwe. Sankafuna kuti zimenezo zidzaonekere amayi.

Amayi anakana. Anati ku Nathenje palibe amene akudziwa kuti iyi inabadwa kwa iti, angonena kuti zitatu ndi za ana, nkhani ithe. Ine ndinali mbali ya amayi, ndipo ndinalankhula mokweza kuposa mmene mwana amayenera kulankhulira. Abambo anangoti iwo akudziwa, ndipo zimenezo n'zokwanira. Kuuma mutu kumeneko kunandikwiyitsa, pakuti tikanatsala opanda ngakhale mchira wa ng'ombe.

Tinanyamuka m'chilimwe, anthu atakolola. Msuweni wanga wa ku Nathenje anabwera kudzathandiza kukusa, ine ndinapita ngati mwana woyamba, kuti ndikamve ndi makutu anga m'malo mwa azing'ono anga. Tinayenda tsiku lonse kudutsa m'minda ya mapesi, abambo akupuma pafupipafupi. Ng'ombezo sindinaziyang'ane n'komwe, ndinali wotanganidwa ndi mkwiyo wanga.

M'mawa mwake abale anasonkhana pafupi ndi khola. Abambo anafotokoza ng'ombe iliyonse ndi make, osabisa kanthu. Azakhali, mlongo wawo wamkulu, anali mayi wa pakamwa pakuthwa amene ankagulitsa tomato m'mbali mwa msewu, koma sanali woipa mtima. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati munthu woweta zaka zonsezo sangabwerere chimanjamanja, ng'ombe imodzi yaikazi ipite kwa ana ake.

"Koma asankhe mwanayu," anatero akuseka. "Inu achimwene mukhale chete, mumazidziwa mopitirira."

Abambo anavomera. Ine ndinadziwa kuti khola lathu lonse lidzayambira pa ng'ombe imeneyo. Ndinazungulira kawiri. Panali ina yoonda, nthiti zili pamtunda, mawere ali lendelende, ndinaidutsa osaima. Maso anga anagwera pa yofiira, yonenepa, ya linunda lodzaza, khungu lake likuchita kunyezimira. Ndinacheukira abambo. Anali atawerama, akulembalemba pansi ndi ndodo. Ndinaloza yofiirayo, ndikudziona ngati ndawachenjerera a ku Nathenje.

Pobwerera abambo anacheza nane bwinobwino. Anandifunsa za mwana wanga, anandionetsa phiri la Dzalanyama chapatali n'kundiuza kumene ankadula mitengo ya khola. Za ng'ombe sananene kanthu.

Titalowa pakhomo, amayi anaiyang'ana kamodzi kokha n'kukhala pansi pakhonde.

"Mwabwera ndi chumba?" anafunsa.

Ndi pamene ndinamva. Ng'ombeyo inali isanaberekepo, n'chifukwa chake inali yonenepa choncho. Yoonda imene ndinaidutsa ndiyo inkabereka chaka ndi chaka. Pamudzi pathu ngakhale wodutsa m'njira ankadziwa zimenezi, kupatula ine amene ndinali kubanja zaka zonsezo.

Manyazi anandigwira, kenako mkwiyo. Ndinawatsatira abambo kukhola n'kuwafunsa chifukwa chimene sanandipatsire chizindikiro. Ndinati munthu wotsokomola tsiku lonse, chifuwa chinapola bwanji nthawi yokhayo imene chikanatithandiza?

Anamangirira ng'ombe kaye, ndipo poyankha sanandiyang'ane.

"Ndinawalonjeza azakhali ako kuti ndikhala chete," anatero. "Komanso mwana wanga, unali utangochokera kumene ankakuuza tsiku ndi tsiku kuti sudziwa kanthu. Sindikanafuna kuti uzimvenso kwa ine pamaso pa abale anga."

Mpaka lero sindidziwa ngati anachita bwino. Masiku ena ndimati akanangondichititsa manyazi tsiku limodzilo, azing'ono anga akanakula ndi mkaka. Masiku ena ndimakumbukira kuti chaka chimenecho panalibe munthu wina amene anasamala za nkhope yanga.

Ng'ombe imodziyo anaiweta zaka ziwiri ngati ndi khola lodzaza. Ankaichotsa nkhupakupa ndi manja, ankapita nayo kwa anzawo okhala ndi nkhunzi, mwina n'kutheka. Sinatenge bere, inangonenepera.

Abambo atamwalira, tinaipha kuti anthu adye pamaliro. A ku Nathenje anabwera ambiri, analira m'bale wawo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anayang'ana kukhola kapena kuwauza amayi mawu opweteka. Atachoka kumanda anadya, anatsanzika mwaulemu, amayi anatsala pakhomo pawo mumtendere. Nyama ndinkagawa ndine. Azakhali polandira mbale yawo anati sanaonepo nyama yonona chotero, ndipo sananame. Ine sindinadye.