Lachiwiri Limene Ndinawasankhira Bambo

Paphiri lina ku Machinga, ukapitirira Nsanama pang'ono, pali linga lakale la miyala. Ndi mpanda wofika m'chifuwa, wosanjidwa popanda dothi kapena simenti, wozungulira nsonga yonse ya phiri. Akuluakulu amati anthu ankathawiramo nthawi ya nkhondo zogwira akapolo. Bambo anga, amene anali telala pakhonde la sitolo pa Nsanama, anakwerako kamodzi ali mnyamata. Atakalamba anayamba kunena kuti akufuna akalionenso miyendo isanawakane.

Ine ndinali kalaliki ku Balaka, ndipo ndinali nditafikako kawiri ndi anzanga. Ndinkadziwa mmene kumakhalira. Loweruka ndi Lamlungu kumadzaza anthu a mapemphero, ng'oma ndi zimkuzamawu zili pakati. Kumapeto kwa teremu kumabwera ana asukulu pamalole. Kanjira kokwerera n'kopapatiza, koyenda mmodzimmodzi, ndipo bambo ankati akayenda pang'ono n'kuima kuti apume. Sindinafune kuti anthu aziwakankha kapena kuwaseka. Lachisanu sakanalola chifukwa cha kumzikiti, ndipo nthawi ya mvula miyala imaterera. Ndinasinkhasinkha mpaka ndinasankha Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Meyi, pamene aliyense amakhala kumunda kukolola chimanga ndi kutola thonje. Ndinkadziona wochenjera.

Wakabaza anatitsitsa m'munsi mwa phiri dzuwa lisanawawe. Kachisakasa kamene kamakhala munthu wolondolera alendo kanali pululu. Tinakwera tokha, bambo patsogolo atavala mkanjo wawo woyera ndi kofia, ine pambuyo ndi botolo la madzi. Anali okondwa. Ankandionetsa mitengo n'kumanditchulira mayina ake m'Chiyao, ena amene ndinali ndisanawamvepo. Titatsala pang'ono kufika tinayamba kumva kugogoda kwa chitsulo pamwala. Bambo anaima n'kutchera khutu, kenaka anapitiriza.

Pamwamba tinapeza amuna atatu akuswa miyala. Mbali imodzi ya linga anali ataigumula kale, miyala yake akuiphwanya ndi nyundo kukhala kwale womangira nyumba, n'kumathira m'matumba. Mmodzi anali wamtali, wosavala malaya. Awiri enawo anali achikulire pang'ono. Bambo anawapatsa moni mwaulemu, koma anayankha mmodzi yekha.

"Ana anga, miyala yatha kumunsiku?" anatero bambo. "Iyi anaisanja anthu akuthawa imfa."

"Madala, mwabwera kudzaona, onani muzipita," anayankha wamtali uja.

Ndinawagwira bambo pamkono n'kuwatengera kumbali imene mpanda unali wathunthu. Ndinawauza kuti aime pamenepo ndiwajambule, tizibwerera. Nditangokweza foni, wamtali uja anasiya ntchito n'kubwera.

"Mukujambula ndani?"

"Ndikujambula bambo angawa, achimwene."

"Iyayi. Mwatumidwa inu. Ndani amabwera kuno Lachiwiri?"

Ananditsomphola foni ija, anaiika pamwala n'kuimenya ndi nyundo kawiri. Magalasi anamwazika. Ine ndinangoima. Bambo ndi amene anapita pakati pathu atakweza manja, akunena kuti sitikufuna ndewu. Munthu uja anawakankha pachifuwa ndi dzanja limodzi. Sikunali kukankha kwamphamvu kwenikweni, koma bambo anali opepuka. Anagwa chagada pamulu wa miyala yoswa ija. Ndinamva kanthu kakuthyoka. Kofia inagubuduka, ndipo magazi anayamba kutuluka kunkhongo n'kumayenderera pamkanjo.

Ndinali ndisanamenyepo munthu chibadwire. Ngakhale kusukulu ndinkathawa ndewu. Koma ndimakumbukira bwino lomwe kuti ndinawerama, ndinasankha mwala wodzaza dzanja, wakuthwa mbali imodzi, ndipo ndinayenda modekha kupita kwa munthu uja. Iye anali akuyang'ana bambo pansi, ndipo ndikhulupirira kuti naye anali ataopa zimene wachita. Atatembenuka ndinamumenya pakamwa ndi mphamvu zanga zonse. Anagwada. Ndinamumenyanso pansagwada. Magazi ake anandithovokera kumaso, ofunda, ndipo mano awiri anagwera pansapato yanga. Ndinakweza mwala kachitatu ndikuyang'ana pamutu pake, ndipo ndinkafunadi kuti ndimutsirize.

Mpini wa nyundo unanditera m'nthiti. Anali mmodzi wa anzake aja. Mpweya unandithera ndipo ndinagwa chafufumimba. Anandiponda pamsana, pakhosi, m'mutu. Wina anandiponda dzanja limene linali ndi mwala mpaka zala ziwiri zinapindikira kumbuyo. Ndinkamva kukoma kwa dothi ndi magazi m'kamwa. Mmodzi anati, "Timugwetsere kuphomphoko." Anandigwira miyendo n'kuyamba kundikhwekhwereza.

Bambo ndi amene anawaimitsa. Sanakuwe, analibe mphamvu zokuwira. Analankhula m'Chiyao ali chigonere pamiyala paja, n'kuuza mmodzi wa achikulire aja kuti ayang'ane mnzake. Wamtali uja anali chagada, akutsamwa ndi magazi ake, miyendo ikugwedezeka. "M'goneketseni chammbali, afa," anatero bambo. Anandisiya n'kuthamangira kwa iye. Anamudzutsa, anamukolekera pamapewa awo, n'kutsika naye njira ya kuseri kwa phiri. Nyundo ndi matumba anazisiya pomwepo.

Phiri linangoti zii. Ndinakuwa kuitana aliyense amene angamve, koma kunalibe munthu. Foni inali zidutswa. Bambo sankatha kuima, mwendo wakumanzere unali utatembenukira kunja. Ndinawamanga mutu ndi malaya anga n'kuwabereka. Nthiti zinkandibaya ndikamapuma, ndipo kutsetsereka kulikonse bambo ankabuula m'khutu mwanga. Ndinawatsitsa kangapo kuti ndisanze. Tinafika m'munsi dzuwa litapendeka.

Amayi awiri amene ankatola thonje atationa anayamba kuthawa, chifukwa ndinali wopanda malaya, nkhope yonse magazi. Anabwerera ataona kuti ndabereka nkhalamba. Mmodzi anavula chitenje n'kuwafunditsa bambo, winayo anathamangira kumsewu kukaitana galimoto.

Kuchipatala anati bambo athyoka fupa la m'chiuno. Ine nthiti zitatu ndi zala ziwiri. Anamwino atafunsa chimene chachitika, bambo anayankha msanga kuti tagwa paphiri. Anamwinowo anayang'ana zidindo za nsapato pamsana panga, koma sanafunsenso. Tsiku lachitatu, amayi anga atatuluka kukachapa, bambo anandiitana pafupi.

"Munthu uja wamva kuti ali bwanji?"

Ndinati sindikudziwa, ndipo sindikufuna kudziwa.

"Ndinakuona," anatero. "Sunali kunditeteza iwe. Ndinali nditagwa kale."

Sanakambenso nkhaniyo, kwa ine kapena kwa amayi, ndipo kupolisi sitinapite. Anatuluka m'chipatala akuyendera ndodo ziwiri. Makina osokera ankafunika kupalasa ndi mwendo, choncho anawapatsa mphwawo. Anakhala zaka zina zingapo, nthawi zambiri atakhala pakhonde kunyumba, ndipo anamwalira ndi matenda ena.

Chaka chatha ndinapita pa Nsanama tsiku la msika kukagula nandolo. Pamzere wa ogulitsa tomato ndinaona munthu wamtali atakhala pathumba. Chibwano chake chinali chokhotera kumanja, mlomo wam'mwamba uli ndi chipsera chofika kumphuno. Ankaitanira ogula, koma mawu ake sankamveka bwino, ndipo ankapukuta malovu ndi kansalu pafupipafupi. Pambali pake panali mkazi amene ankabwereza zonena zake kuti anthu amve.

Mwamunayo anandiyang'ana, nane ndinamuyang'ana. Sindikudziwa ngati anandizindikira, popeza ndinanenepa ndipo ndinayamba kuvala magalasi. Mkazi uja anati, "Bwerani bambo, ndi wothyola lero." Ndinafuna kunena kanthu, koma sindinadziwe kuti ndiyambire pati, pa za mwamunayo kapena pa za bambo anga. Ndinapukusa mutu n'kudutsa. Nandolo sindinagule. Ndinakakwera minibasi ya ku Liwonde, ndipo inatenga nthawi yaitali kuti idzaze.