Nyimbo Zosavinika za Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anapita ku Joni, n'kusiya gitala yawo m'manja mwa Che Jafali. Tinkakhala ku Chembe, kuseri kwa mathandala oyanikapo usipa, ndipo m'nyumba tinatsala awiri, mayi ndi ine, chifukwa ndinabadwa ndekha.

Bambo anali msodzi ngati amuna ena onse a m'mudzimo, koma Loweruka masana ankaimba mu bandi ya anthu atatu pa loji ina. Iwo ankaliza gitala yamagetsi imene mlendo wina anawasiyira pamodzi ndi kaseti ya nyimbo zakwawo. Che Jafali ndiwo ankaimba pakamwa, a Denisi ali pa ng'oma. Kaseti ija bambo anaimvera mpaka inaduka, ndipo kuchokera pamenepo nyimbo zawo zinasiya kufanana ndi za anthu ena. Nyimbo inkayamba pang'onopang'ono ngati munthu akudandaula chamumtima, kenako ng'oma n'kulowa ndi kaimbidwe ka beni, anthu n'kudzuka kuti avine. Akangoti ayambe kuponda bwino, bambo ankaikhotetsa nyimbo ija n'kuipititsa kwina, ovina n'kutsala chiimire akuyang'anana. Mayi ankati munthu akhoza kuchapa zovala n'kuyanika, nyimbo imodzi isanathe.

Bambo atachoka, pakhonde pathu panati zii. Ndipamene ankakhala akabwera kunyanja, akuliza gitala yosalumikiza kumagetsi, nsambo zikungomveka ngati udzudzu. Tsopano ndinkakhalapo ndekha ndikaweruka kusukulu, kumvera nkhuku ndi mawilo a njinga. Mayi sankawatchula bambo. Ankadzuka, kupita kukagula nsomba, kuwamba, kugona.

Ine ndinkadikira kuti bandi ife. Ndinkaona ngati ikafa, mudzi wonse udziwa amene wachoka. Koma siinafe. Che Jafali anapeza mnyamata wina wa ku Monkey Bay woti aziliza gitala, nyimbo zija anazidula zinakhala zazifupi, ndipo anthu anayamba kudzaza pa loji kuposa kale. Loweruka lina ndinakaima kuseri kwa mpanda wa bango ndikusuzumira. Ankavina mpaka fumbi, nyimbo ya bambo yomweyo, koma pakati ponse atachotsapo. Ndinamva mayi wina wogulitsa zitumbuwa akuti, “Eee, tsopano ndiye bandi yakoma!” Ndinabwerera kunyumba.

Lolemba lake, Saidi, mwana wa Che Jafali amene tinali kalasi imodzi, anandipeza pa mjigo.

“Mwini bandi ndi bambo anga,” anatero. “Ako ankangosokoneza. Aliyense akudziwa.”

Ndinamuthira ndowa yonse ya madzi, ndiye n'kumumenya nayo pamutu. Aphunzitsi anandipatsa chibalo chosesa bwalo lonse la sukulu anzanga ataweruka. Ndinasesa masamba a mtondo dzuwa likuswa mtengo, sukulu ili mbee, ndipo ndikusesa choncho ndinatsimikiza kuti ndipeza munthu wamkulu woti anene poyera kuti nyimbo zija ankapeka ndi bambo.

Ndinayambira kwa a Denisi. Ndinawapeza pamchenga akusoka chilimira, ukonde waukulu uja, ulusi ali nawo kukamwa. Anandimvetsera osadzutsa mutu.

“Nyimbo ndi mawu, Edina,” anatero. “Anthu akamapita kwawo amang'ung'udza zimene waimba Jafali, osati gitala. Bambo ako anali katswiri, koma ankandivutitsa. Dzanja likangozolowera, iye wasintha.”

Ndinapita kwa mayi. Anali pa uvuni akutembenuza mcheni, maso ali psuu ndi utsi. Nditawafunsa anangoti, “Tenga nkhuni uko.” Ndinafunsanso. Apo anati, “Gitala imeneyo sinatidyetse, mwanawe. Ikanatidyetsa bwenzi ali pano.” Sindinawafunsenso.

Panatsala munthu mmodzi, yemwe ndinkamuda kwambiri. Panapita masiku ndisanalimbe mtima. Che Jafali ndinawapeza kwawo atangobwera kumzikiti, atakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango. Ndinagwada chapatali.

“Ndiwe unamenya mwana wanga?”

“Eya, ankolo.”

“Wabwera kudzapepesa?”

“Ayi. Ndabwera kudzafunsa. Nyimbo za bandi ankapeka ndani?”

Ndinkayembekeza kuti andithamangitsa. M'malo mwake analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi gitala ya bambo. Ndinaizindikira ndi lamba wake, amene mayi anasoka ndi chitenje chawo chakale. Anayamba kuliza nyimbo imodzi, chiyambi chake chodekha chija, akung'ung'udza. Atafika pakati zala zinaima. Anayesanso, zinaimanso pomwepo.

“Apa ndi pamene Luka ankakhotera,” anatero. Luka ndilo dzina la bambo. “Ine sinditha. Mnyamata ujanso satha. Ukuganiza kuti tinadula nyimbozi chifukwa chofuna? Tinadula pamene tinalephera.”

Ndinafulumira kunena kuti, “Ndiye kuti anali bambo!”

“Usathamange. Bambo ako sanamalizepo nyimbo ndi imodzi yomwe. Ankabwera ndi zidutswa, ichi chokongola, icho chokongola, osadziwa kuti chiyambe n'chiti. Ine ndinkamukalipira mpaka tizilumikize, n'kuikapo mawu. Tinkakangana ngati tambala awiri.” Anapukuta fumbi pa gitala ndi mkono wa mkanjo. “Tsopano ndilibe wokangana naye. Anthu akuvina, eya. Koma chichokereni iye, nyimbo yatsopano sindinaimbepo.”

Aka kanali koyamba kumva munthu akulankhula za bambo ngati wina amene palibe ndipo akusoweka. Ndinalira pamkeka pawo, ndipo sanandiletse. Akazi awo anandibweretsera madzi m'kapu.

Patapita milungu ingapo bambo anaimba foni kwa aneba athu. Mayi atalankhula nawo anandipatsa. Mawu awo ankamveka patali, kumbuyo kukudutsa magalimoto. Ndinalibe nthawi yambiri, choncho ndinangofunsa funso langa lija.

Anaseka pang'ono. “Kodi akuimbabe?”

“Akuimba, koma anazidula.”

“Jafali ameneyo,” anatero. “Edina, kuno ndimatchetcha kapinga. Zidutswa zimabwerabe m'mutu ndikamagwira ntchito. Koma ndilibe woti ndimuimbire, ndiye pofika madzulo zimakhala zathawa.”

Ndinafuna kuwauza kuti aziimbira ine, koma mayunitsi anatha.

Bambo anabwerako ndili kusekondale. Anapeza Che Jafali atasamukira ku Namwera kukalima fodya, a Denisi ng'oma atagulitsa. Gitala anabwezeredwa, ndipo nthawi zina ankaigwira pakhonde, kuliza chidutswa chimodzi, china, n'kuikoleka. Anamwalira osamalizanso nyimbo ina iliyonse.

Mpaka lero, akuluakulu amene amaikumbukira bandi ija akakumana pamaliro kapena paukwati, mkangano umabuka. Ena amati mutu wake anali Luka, ena amati Jafali. Akandiona amandiitana kuti ndiweruze, poti ndine mwana wa mmodzi wa iwo. Ndimawauza zimene ndinaona: kuti zodabwitsa zonse za m'nyimbozo zinkachokera kwa bambo, koma bambo pawokha analibe pozifikitsa, ndipo aliyense mwa awiriwo atatsala yekha anauma. Sakhutira nalo yankho limeneli, amafuna dzina limodzi.

Inenso ndinkafuna dzina limodzi. Zinanditengera zaka kuti ndimvetse kuti mwana uja ankazungulira mudzi sankafufuza za nyimbo ayi. Ankafuna munthu mmodzi yekha woti avomere kuti bambo ake achoka ndipo pamene anali patsala dzenje, kuti asamawasowe yekha. Ndiye masiku ano mwana akandifunsa funso lomwelomwelo kawiri katatu, sindithamangira kuyankha. Ndimayamba ndamukhazika pansi, n'kumufunsa kuti wasowa ndani.