Girisi pa Malaya Oyera

Ine ndine munthu wa njira imodzi. Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikupalasa njinga kuchokera ku Kasanda kupita ku fakitale ya zakudya za nkhuku, kudzera msewu womwewo, ndipo sunanditopetsepo. Ntchito yanga ndi kuyendetsa makina osakaniza gaga ndi soya. Ndikafika ndimathira girisi malo asanu ndi awiri, kuyambira kumanzere. Kenako ndimadina batani lobiriwira, n'kukhudzitsa sikuludiraiva pa chitsulo, chogwirira chake kukhutu, kumvetsera ngati m'katimo muli mtendere. Mawa chimodzimodzi. Anzanga amati ndine wotchi ya pakhoma, ine ndimangoti zikomo.

Chaka chatha abwana atsopano, mayi wachitsikana wobadwira m'tauni momwe muno, anaganiza zondilemekeza. Anandikweza kupita ku ofesi kwa miyezi itatu yoyeserera, ati munthu wodziwa makina ngati ine sangalephere kukhala ndi nzeru zatsopano. Akazi anga anandigulira malaya oyera awiri, n'kulengeza kutchalitchi konse. Lolemba lililonse pamsonkhano aliyense ankayenera kubwera ndi ganizo latsopano, koma ine mutu unkangoti gwa. Sabata yachinayi ndinanena kuti tizisesa pansi pa makina. Anandikumbutsa mwaulemu kuti timasesa kale, ndipo amene anayambitsa ndine.

Ndinayamba kuwonda. Pamakina panga anali ataikapo kale munthu wina, choncho ndinkadziwa kuti ndikalephera ku ofesi ndilibe kobwerera, andiuza kuti ndizipita kwathu. Choipa china, munthuyo ankathira girisi lero kuyambira kumanja, mawa kuyambira pakati, mkuja kudumpha malo awiri, monga mtima wake wamuuzira. Zinkandipweteka kwambiri. Ndiye ndinayamba kulawirira, kufika anthu asanabwere, n'kuthira girisi mobisa ngati mbala. Ndikatha ndinkasamba m'manja ndi sopo wochapira, n'kukakhala pa desiki ngati sindinachite kanthu.

Miyezi itatu itakwana, abwana anandiitana n'kutseka chitseko. Mantha anandigwira, moti pampando ndinangokhala m'mphepete. Iwo anayang'ana mkono wa malaya anga, pomwe panali banga lakuda lomwe ine sindinalione.

"Ba mudala, ndimwe mumaika girisi kuseni-seni, si so?"

Ndinavomera kuti ndine ndinkathira girisi m'mamawa, ndikudikira kalata yondichotsa ntchito. Koma iwo anaseka, n'kundiuza kuti mlonda anawatsina khutu kalekale. Ati nayenso mnzanga wa pamakina uja wakhala akudandaula kuti makina akumuwodzeretsa, akufuna ntchito yogwiritsa mutu, ndiye tingosinthana. Kenako anayamba kupepesa, ati kutsitsa munthu wamkulu ngati ine n'kochititsa manyazi, ndiwakhululukire. Ndinayesetsa kukwinya nkhope kuti ndioneke wokhumudwa, koma milomo inandikana. Kunena zoona, chibadwire sindinasangalalepo chotero.

Vuto linatsala kunyumba. Njira yonse ndinkapalasa pang'onopang'ono, kufunafuna mawu oti ndiwauze akazi anga, poti iwo ndi amene ankayenda monyadira kuti amuna awo ndi a mu ofesi. Mawu abwino sanapezeke, ndipo ndinangowauza mmene zilili, ndili chiimire pakhomo, njinga ili m'manja.

"Bwererani kumakina kwanuko, bambo," anatero. "Miyezi itatu yonseyi ndakhala ndikuphikira mlendo m'nyumba muno."