Ulendo Wautali wa a Kefasi

Aliyense amene ankagula pamsika wa pa Boma ku Mchinji zaka zimene matipate anali atangoyamba amawakumbukira Mayi Tabeth. Ankaoda zitenje ku Chipata, ndipo pakamwa pawo sipankapuma. Munthu wobwera kudzagula mchere ankabwerera kwawo ndi chitenje, mchere ataiwala. Komatu mayi wolongololayu panali mawu amodzi amene anamukanika kunena, ndipo anatsala pang'ono kutaya nawo mwana.

Amuna awo, a Kefasi, ankayendetsa lole pakati pa Lilongwe ndi Lusaka. Anamwalira pangozi ku Zambia komweko, mwana wawo mmodzi yekhayo, Luwiza, ali mu Sitandade 3. Akuluakulu anati mwana sayandikira maliro, choncho anamutumiza kwa azakhali ake ku Kachebere mpaka zonse zitatha. Atabwerako n'kufunsa za bambo ake, anamuyankha kuti ali pa ulendo. Kwa mwana wa dalaivala limeneli linali bodza losavuta, ndipo a Tabeth analinena chaka chathunthu.

Pang'onopang'ono Luwiza anazilala. Fulaye anasiya, anzake anawataya, chakudya ankangochitosatosa. Akaweruka kusukulu ankakakhala pamwala m'mbali mwa msewu wopita kumalire, duu, maso ali kumalole.

A Tabeth anayesa zonse zimene ankadziwa. Anamumwetsa mankhwala a njoka zam'mimba, kenako a malungo. Anapita naye kwa abusa kuti amupempherere. Anzawo apamsika, omwe sasowa uphungu pa mwana wa mnzawo, anati amenewo ndi matama, akufunika kamtengo. Tsiku lina anamukwapuladi. Mwanayo sanalire n'komwe, ndipo apa m'pamene mayiyo anachita mantha.

Kuchipatala anamuyeza osapeza kanthu. Namwino wina, dzina lake Felista, anauza Luwiza kuti adikire panja.

"Mayi, kunyumba kwachitika chiyani?"

"Palibe, asisitala. Bambo ake anatisiya chaka chatha, koma iyeyo sadziwa."

"Mtima wa mwana umadwalanso ngati wa munthu wamkulu. Chisoni chikakhalitsa osachitulutsa chimasanduka matenda, ndipo ena amafa nacho. Kamuuzeni zoona. Akayamba kuyankhula, inu mukhale chete. Ndipo muzibwera naye kuno tizicheza naye."

A Tabeth anatuluka akung'ung'udza. Mwana woti akudya, akuvala, angakhale ndi maganizo a chiyani? Ndiye zoti iwo akhale chete, zimenezo ngakhale malemu amuna awo zinawakanika. Koma kunyumba atamusambitsa anaona nthiti zonse zili pamtunda, mtima unawawawa.

Loweruka sanayale zitenje. Anamupeza Luwiza pamwala paja, nakhala pambali pake. Mayi amene ankakangana ndi asilikali a kumalire osaphethira anayankhula motsitsa mawu.

"Luwiza, mwana wanga, bambo ako sadzabweranso. Anamwalira. Ine ndinakunamiza."

"Ndikudziwa, amayi. Anzanga anandiuza kalekale kusukulu."

Mawu anadzaza m'kamwa mwa a Tabeth, koma anawameza. Anangofunsa funso limodzi lokha.

"Nanga pano umadikira ndani?"

Mwanayo anakanda mwala ndi chala kwa nthawi ndithu.

"Inu mumati akubwera. Ndiye ndimaganiza kuti inuyo sanakuuzeni. Ndikanasiya kudikira, mukanadziwa."

A Tabeth analira pamsewu pomwepo, anthu akuona, kulira kumene sanalire ngakhale kumanda. Chaka chonse ankati akuteteza mwana, osadziwa kuti kamwanako kanasenza maliro kokha pofuna kuteteza mayi ake. Luwiza anawayang'ana kaye, kenako nayenso anayamba kulira.

Sanachire tsiku lomwelo ayi. Panapita miyezi akupita kwa Felista, masiku ena n'kubwereranso pamwala paja. Achimwene a malemu anadandaula a Tabeth atapita ndi Luwiza kukaona manda, koma iwo anawayankha mawu amene sitingawabwereze pano. Pofika nthawi yokolola, Luwiza anali atayambiranso kukanganirana mpira wa fulaye.

Zitenje a Tabeth sanasiye, kulongolola sanasiyenso. Chimene chinasintha n'chimodzi. Kasitomala akafika ndi mwana wozyolika, amaleka kutsatsa malonda, n'kugwada kumufunsa mwanayo kuti ali bwanji. Akatero amatseka pakamwa, n'kudikira mpaka ayankhe.