Zigubu za ku Chelstone

Chaka chimene mwana wanga wamkazi anatsika kuchoka pa nambala folo n'kukakhala kumchira kwa kalasi, ine ndinayamba kukayikira mpopi. Tinkakhala m'mafulati a ku Kabwata, ndipo mayeso a Giredi 7 anali pafupi. Ndinkaopa kuti alephera.

Mayi wina wa m'kwaya yathu anatumiza kanema pafoni. Akuti kumayiko ena amathira mankhwala otchedwa fuloraidi m'madzi kuti mano alimbe, koma ena akuopa kuti amafooketsa nzeru za ana. Kaya kuno amathira kaya sathira, kanemayo sananene, inenso sindinafunse. Madzi athu ankabwera ndi kafungo, masiku ena otuwa, ndiye ndinati basi, wakuba ndamugwira.

Ndimadzidziwa, ndikakayikira chinthu sindimva za munthu. Ndinamuletsa mwanayo kumwa madzi a pampopi, mankhwala otsukira mano ndinataya poti akuti namonso muli fuloraidi, azitsuka ndi mchere. Loweruka lililonse ndinkakwera minibasi ziwiri kupita ku Chelstone kwa alamu anga, amene anakumbitsa chitsime chakuya pabwalo pawo. Pobwerera ndinkafungatira zigubu ziwiri pamiyendo.

"Ba mami, manzi yanasila ku Kabwata?" anandifunsa kondakitala wina, ngati kuti kwathu madzi anatheratu, basi yonse n'kuseka.

Alamu nawo anandifunsa: "Imwe mulamu, nanga aya ya pansi ndani anayapima?" Ndinayamba kuwakayikira iwonso, kuti mwina akuwawidwa mtima ndi madzi awo.

Teremu itatha, mwana anatsikanso. Ndinapita kusukulu nditakwiya, ndili ndi maganizo oti aphunzitsi ake amamuda. Mayiwo sanakangane nane. Analemba mizere itatu pabolodi, n'kuitana mwanayo, kumuuza akhale pamalo pake kumbuyo, kumene anamuika chaka chimenecho chifukwa ndi wamtali.

"Belenga," anatero.

Mwana anatsinzinira maso, koma analephera kuwerenga.

"Bwela kutsogolo."

Atafika pafupi anawerenga zonse osaphonya ngakhale liwu limodzi. Aphunzitsiwo anati ndimutengere kukapimitsa maso. Manyazi anandigwira, ndinasowa poyang'ana.

Tili panjira ndinamukalipira. "Nanga iwe, osakamba bwanji?"

"Ninakuuzani, mami, ati pa bodi siniona bwino," anayankha motsitsa mawu. "Munakamba ati ni manzi."

Ndinalikumbukira tsikulo. Ndinali nditawerama ndikutsuka zigubu, ndipo sindinadzutse n'komwe mutu kuti ndimuyang'ane.