Foni yandikana nkhope njovu zili panjira

Mwaswera bwanji nonse.

Lero foni yanga inangokhala zii kuyambira m'mawa. Ndi yatsopano ija munanditumizira, a Yohane akulu anga. Ine osadziwa kuti ndinakhudza kabatani kam'mbali kotseka mawu.

Masana ndikupeta chimanga chokonola, anatulukira anzanga apafupi, amake Tisa, ali wefuwefu. "Amake Dalitso, simunamve? Pagulu la mudzi la pafoni anena kalekale, njovu zili pamango, panjira ya kusukulu!" Nthawi yoweruka inali itakwana, ndipo ana anga, Dalitso ndi Mesi, amadzera pomwepo.

Ndinatola foni kuti ndiimbire aphunzitsi asawatulutse. Paja iyi imatseguka ikaona nkhope. Koma nkhope yanga inali mbuu ndi gaga, thukuta likuyenderera. Inandikana. Ndinapukuta ndi chitenje, inakananso, akuti ndilembe nambala yachinsinsi. M'mutu munalibe kanthu. Yakale ija potsegula ndinkangojambula ndi chala, ngakhale nditatsinzina.

A Yohane, musakhumudwe, mphatso yanu ndaikonda, zithunzi za ana zimatuluka bwino kwambiri. Koma nonse mukuti bwanji, ndibwerere ku yakale mpaka mango athe?

Foniyo ndinaisiya m'lichero. Ndinabereka khanda n'kuthamanga mozungulira kumsewu waukulu mpaka kusukulu. Ndinawapeza akutuluka kumene, Mesi n'kuseka, "Mami, mwaoneka ngati mzukwa!" Ndinawagwira manja onse awiri, tinabwerera m'kalasi, ndipo sindinawasiye mpaka asikauti oyang'anira nyama atanena kuti njovu zawoloka mtsinje.