Kaseti ya azakhali a Dobrila

Azakhali anga a Dobrila ankatayipa makalata pa fakitale ya mipando m'tauni ya Čačak. Zala zawo zinali zachangu moti mabwana ankawalimbirana, koma palibe anawafunsapo zimene zinali m'mutu mwawo. Mu 1984 mnzawo wa kuntchito anawabwereka kakompyuta kamene anakalumikiza yekha, iye atatopa nako. Kankaonetsa zilembo pa TV ya pabalaza, ndipo ukakazimitsa kankaiwala zonse. Zimene walemba unkazisunga pa kaseti wamba ya nyimbo.

Azakhali anaphunzira chiyankhulo cha kompyuta cha BASIC pokopera mapulogalamu a m'magazini. Nthawi imeneyo ndinkakhala kwawo, ndili ku sekondale. Mzere uliwonse ankaupatsa nambala, 10, 20, 30, kusiya mpata pakati. Anandiuza kuti munthu amaiwala, ndiye uzimusiyira malo oikapo zimene wakumbukira mochedwa.

Nyengo yonse yachisanu analemba pulogalamu yawoyawo. Unkaiuza msinkhu wa munthu ndi kukula kwa ulusi, iyo n'kujambula maluwa a juzi pa TV, n'kukusonyeza poyambira kuluka ndi pochepetsera mikono. Sanailembe papepala. Ankati masana onse amakhalira mapepala a anthu ena, kunyumba safuna kuonanso pepala.

Wailesi ina ya ku Belgrade inkaulutsa mapulogalamu a omvera. Muulutsi ankati konzekani, kenako pankamveka kulira kolasa m'makutu, komwe kunali pulogalamuyo, anthu n'kumajambula pa makaseti awo. Azakhali anakonza zotumiza yawo Lolemba, kuti akazi oluka m'dziko lonse aitenge ulere. Kaseti ya pulogalamuyo inali imodzi yokha, chifukwa makaseti opanda kanthu ankasowa m'masitolo chaka chimenecho.

Lamlungu lake linali la Slava, phwando la woyera wa banja. Ine ndi azakhali tinali kukhitchini kuyambira m'mamawa, tikukulunga nyama m'masamba a kabichi. Amuna awo, a Milutin, anaitana woimba akodiyoni, ndipo kachasu wa mapulamu atawalowa anafuna kujambula mawu awo. Anapeza kaseti pamwamba pa TV n'kuiyesa pamaso pa alendo. Kulira kuja tinakumva tili kukhitchini.

"Yafa iyi," anatero a Milutin. "Tiidzutse ndi nyimbo."

Azakhali anathamanga manja ali noninoni ndi mafuta. Pofika pakhomo la pabalaza, akodiyoni inali italira kale. Anatsegula pakamwa, koma amuna awo anawakwezera dzanja kuti asasokoneze, akujambula. Anaima pomwepo mpaka nyimbo inatha.

"Milutin, mwafufuta ntchito yanga ya chisanu chonse."

"Ntchito yake iti? Kulira kwa mbewa kuja? Ndikugulira ina, mayi. Bweretsa kabichi, alendo afa ndi njala."

Mlamu wawo wina anawonjezera kuti agogo ake ankaluka majuzi opanda TV ndipo palibe anafa ndi chisanu. Onse anaseka, ngakhale akazi amene anavala majuzi olukidwa ndi azakhali. Azakhali anabwerera kukhitchini n'kukatenga kabichi.

Chimandipweteka mpaka lero n'chakuti palibe anaona kuti pawonongeka kanthu. Akanakhala kuti wina wagubuduza mbiya ya kachasu wa a Milutin, msewu wonse ukanabwera kudzapepesa. Koma chinthu chimene mkazi anachipanga ndi mutu wake, pa TV ya mwamuna, nthawi imene kunalibe mpira, anachiyesa choseweretsa. Ena amati bwenzi atangolembanso. Alembe liti? Chisanu chinatha, dimba linayamba, apongozi anadwala, mwini kompyuta anadzaitenga. Azakhali anatayipa makalata a mabwana mpaka fakitale inatsekedwa.

Kaseti ija ilipobe. Chaka chilichonse pa Slava a Milutin amailiza kuti alendo amve mmene mawu awo analili akadali ndi mano. Nyimbo ikatha pamatsala kachidutswa ka kulira kuja, mchira wa pulogalamu, wopanda ntchito popeza mutu wake unapita. A Milutin amadzuka msanga kuti azimitse. Azakhali amaika mbale pansi.

"Isiyeni ithe. Yanu tamva, tsopano mumve yanga."

Ndipo alendo amamvetsera, makutu akuwawa, mpaka kaseti itafika kumapeto.